Wakutuma ndani? Za malamulo a anthu olankhulira maboma akunja

Aliyense amene anakhalapo pa chinkhoswe ku Ndirande kapena ku Chilomoni amadziwa kuti mawu a nkhoswe si ake. Akaimirira, mbali zonse ziwiri zimadziwa kuti awa ndi akuchimuna, awo ndi akuchikazi, ndipo palibe amadabwa akamakometsa mbali yawo. Ndiyo ntchito imene anawatuma. Tsono taganizirani munthu wina amene wakhala pamphasa ya akuchikazi, akumwa nawo thobwa, akulangiza ngati malume, chikhalirecho m'thumba la jekete muli envulopu yochokera kuchimuna. Zimene akunenazo zitha kukhala zoona, zitha kukhalanso zomwezo zimene nkhoswe akananena. Chasintha n'chimodzi: omverawo sakudziwa mwini mawu.

Malamulo okhudza anthu olankhulira maboma akunja anabadwira pa vuto limeneli. Pa Chingerezi ntchitoyi amaitcha lobbying, dzina lochokera ku kakhonde ka m'nyumba ya malamulo komwe anthu ankadikirira aphungu kuti awanong'oneze zofuna zawo asanalowe kukavota. Kwathu kuno tilibe liwu limodzi lokhazikika. Ena amati kunyengerera, ena kukopa, ena kulankhulira. Mnyamata wa pa Ginnery Corner atha kungoti ndi udobadoba wovala suti, ndipo sangakhale ataphonya kwambiri, chifukwa chimene munthu wotereyu amagulitsa ndi kudziwa khomo loti agogode komanso kudziwika ndi amene ali m'katimo.

Payokha ntchitoyi si mlandu. Nduna ya zachuma ikabwera mu Blantyre kudzamva maganizo bajeti isanalembedwe, a bungwe la amalonda la MCCCI a ku Chichiri amakapempha kuti misonkho ina itsike. Alimi a fodya, aphunzitsi, eni minibasi, onsewa amanyengerera boma, ndipo ndi ufulu wawo. Iwowa lamulo likaipa liwapweteka okha. Boma lakunja n'losiyana: silivota kuno, silikhoma msonkho kuno, ndipo chiganizo chimene lakankhira chikabweretsa mavuto, olira ndi eni dziko.

Komanso boma lililonse lili kale ndi khomo lake lovomerezeka, lomwe ndi kazembe. Pangano la ku Vienna la 1961 limapatsa akazembe chitetezo, n'kuwalamulanso kuti asalowerere ndale za m'dziko lomwe akugwiramo ntchito. Kazembe ndiye nkhoswe weniweni. Galimoto yake ili ndi mbendera, aliyense akudziwa akuyankhulira ndani. Nanga bwanji maboma amalembanso anthu ena apadera? Chifukwa mawu a kazembe amamveka ngati a mlendo. Mawu omwewo akatuluka pakamwa pa munthu amene anali phungu, kapena loya amene anaphunzira limodzi ndi nduna, kapena mkonzi wa nyuzipepala, amamveka ngati a mwana wa pakhomo.

Kumene zinayambira

Lamulo limene mayiko ambiri amaonerako ndi la ku America, lotchedwa Foreign Agents Registration Act, mwachidule FARA. Linakhazikitsidwa mu 1938, Franklin Roosevelt ali pulezidenti. Zaka zinayi m'mbuyo mwake komiti ya aphungu yotsogoleredwa ndi John McCormack ndi Samuel Dickstein inali itafufuza momwe a chipani cha Nazi ankafalitsira uthenga wawo mu America. Mwa amene anaitanidwa kukayankha mafunso munali Ivy Lee, katswiri wokometsa mbiri za makampani, yemwe ankalipidwa ndi kampani ya ku Germany ya IG Farben pamene malangizo ake ankakathera ku boma la Hitler.

Aphunguwo sakanatha kungoletsa anthu kuyankhula, popeza malamulo oyendetsera dziko la America amateteza kwambiri ufulu wa kulankhula. Ndiye anasankha njira ina: yankhula zimene ukufuna, koma uyambe wanena amene wakutuma ndi ndalama zimene wakupatsa. Mpaka lero mtima wa lamuloli ndi umenewo.

Nkhondo itatha, vuto linasintha nkhope, ndipo chinalisintha ndi shuga. Mu 1960 America inadula gawo la shuga amene inkagula ku Cuba, ndipo mayiko ena olima nzimbe anayamba kulimbirana gawo losiyidwalo. Aliyense analemba wake womulankhulira ku Washington. Ena mwa olankhulirawo ankalipidwa molingana ndi kuchuluka kwa matani amene apezera dziko lowatumalo, ena ankaponya ndalama m'kampeni za aphungu omwe ankagawa shugayo. Senator William Fulbright anaitanitsa kafukufuku mu 1963, ndipo mu 1966 lamulo linakonzedwanso kuti liziyang'ana kwambiri anthu onyengerera akuluakulu aboma, osati ofalitsa timapepala okha. Linaletsanso malipiro odalira kupambana kwa ntchito. Nkhani ya shugayi isaoneke ngati yakutali: America imagawabe shuga wolowa pa msonkho wotsika, ndipo Malawi ali pa mndandanda wa mayiko opatsidwa gawo. Shuga wa ku Nchalo amadutsa pa khomo limene anthu aja ankakanganirana.

Kagwiridwe ka lamuloli n'kosavuta kukafotokoza. Munthu akavomera kugwira ntchito molamulidwa, mopemphedwa kapena motsogoleredwa ndi boma lakunja, chipani chakunja, kampani kapena munthu wakunja, ndipo ntchitoyo ndi yokhudza ndale, kukopa anthu kapena kuimirira womutumayo ku maofesi aboma, ayenera kulembetsa ku unduna wa zachilungamo pasanathe masiku 10. Amapereka kontirakiti yake yonse. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse amalemba lipoti: walandira zingati, wagwiritsa ntchito bwanji, wakumana ndi ndani, anakambirana chiyani. Chilichonse chimene wafalitsa kwa anthu chiyenera kukhala ndi mawu osonyeza mwini wake, ndipo kope lake lifike ku unduna pasanathe maola 48. Wozemba mwadala atha kukhala kundende mpaka zaka zisanu. Akazembe, amalonda wamba, maloya oimira munthu m'khoti, ndi ogwira ntchito zachipembedzo, zamaphunziro kapena zachifundo, lamulo limawapatula.

Chokoma kwa ife n'chakuti zikalata zonsezi zili pa intaneti, ulere. Munthu ali pa Wenela akudikira basi atha kutsegula pa foni tsamba la undunawo n'kuwerenga kontirakiti imene boma la dziko loyandikana nalo linasainirana ndi kampani ya ku Washington. Atolankhani a mu Africa akhala akudziwa zinsinsi za maboma awo kudzera m'kaundula wa eni ake wa ku America, pamene kwawo mafayilo omwewo ali otsekeredwa.

Zimene kaundulayu waulula za Africa

Pa Chichewa timati ukaipa dziwa nyimbo. Atsogoleri ena oipa mbiri anapeza kuti nyimboyo itha kugulidwa. Mu 1985 Jonas Savimbi, mtsogoleri wa gulu la UNITA ku Angola, analemba kampani ya Black, Manafort, Stone and Kelly pa mtengo wa madola 600,000 pachaka. Kumayambiriro kwa 1986 anafika ku Washington atakonzeredwa zonse, nalandiridwa ndi Ronald Reagan ku White House ngati womenyera ufulu, ndipo thandizo la zida linatsatira. Nkhondo ya ku Angola inatha mu 2002, Savimbi ataphedwa. Kampani yomweyo inagwiriranso ntchito Mobutu Sese Seko wa ku Zaire. Dzina la Manafort mulisunge, tikumana nalonso.

Boma la tsankho la ku South Africa, lomwe Kamuzu anatsegula nalo ubale mu 1967, ilo linasankha njira ya kuseri. Unduna wake wofalitsa nkhani, pansi pa Connie Mulder ndi Eschel Rhoodie, unagwiritsa ntchito ndalama zachinsinsi kukhazikitsa nyuzipepala ya The Citizen kwawo komweko, ndi kuyesa kugula nyuzipepala ya Washington Star kudzera mwa munthu wa ku America. Zitaululika mu 1978, Mulder anagwa, ndipo John Vorster anatula pansi udindo wa upulezidenti chaka chotsatira. Apa ndiye panali munthu uja wa envulopu m'thumba: cholinga chinali chakuti owerenga aziyesa kuti akumva maganizo a anzawo.

Za posachedwa, mu 2019 boma la Emmerson Mnangagwa linalemba kampani ya Ballard Partners pa madola 500,000 pachaka, pofuna kuti America ichotse zilango zomwe inaika pa atsogoleri a Zimbabwe. Mwini kampaniyo, Brian Ballard, ankadziwika kuti ndi wosonkhetsa ndalama za kampeni ya Donald Trump, ndipo n'chimene ankagula a ku Harare. Kodi ndalamazo zinabala? Mu March 2024 America inathetsa ndondomeko yakale ya zilangozo, koma tsiku lomwelo inaika Mnangagwa mwini pa mndandanda wina. Chaka chomwecho cha 2019, asilikali omwe analanda boma ku Sudan anasainirana kontirakiti ya madola 6 miliyoni ndi kampani ya ku Canada ya Dickens and Madson, ndipo wosayina anali Mohamed Hamdan Dagalo, yemwe amadziwika kuti Hemedti. Kalatayo inaonekera poyera patangopita milungu yochepa asilikali atapha anthu ochita zionetsero mu Khartoum. Mkulu wa kampaniyo, Ari Ben-Menashe, ndi yemwe uja anajambula mobisa Morgan Tsvangirai, mtsogoleri wotsutsa boma wa ku Zimbabwe, zomwe zinachititsa kuti mu 2002 Tsvangirai aimbidwe mlandu woukira boma, womwe pambuyo pake khoti linamupeza wosalakwa.

Sindikunena kuti boma la mu Africa likalemba womulankhulira ndiye kuti lalakwa. Dziko laling'ono lokhala ndi ofesi ya kazembe ya anthu owerengeka silingafikire aphungu 535 a ku Washington. Mu November 2019, pamene a kasitomu a ku America analamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa padoko pomuganizira kuti amalimidwa ndi ana komanso anthu okakamizidwa, mlimi wogulitsa ku okushoni ya ku Limbe akanafuna munthu wodziwa makomo a kumeneko kuti akafotokoze mbali yake. Funso la wokhoma msonkho ndi lakuti ndalamazo zikukalankhulira dziko kapena zikukatsuka dzina la mtsogoleri. Kontirakiti ikakhala poyera, funsolo limayankhika.

Mano ake

Kwa zaka zambiri FARA anali galu wouwa osaluma. Mu 2016 ofesi yofufuza za kagwiridwe ka ntchito mu unduna wa zachilungamo inapeza kuti kuyambira 1966 mpaka 2015 milandu yozengedwa pa lamuloli inali isanu ndi iwiri yokha. Anthu ankalembetsa mochedwa, ena osalembetsa n'komwe, akagwidwa n'kungodzaza mafomu a zaka zam'mbuyo. Panalinso mpata wina: lamulo la 1995 lokhudza onyengerera wamba linalola olankhulira makampani akunja kulembetsa kumeneko, komwe mafunso ndi ochepa. Tsono kampani ina imakhala ya boma m'zonse kupatula dzina.

Zinthu zinatentha chisankho cha ku America cha 2016 chitadutsa. Paul Manafort, yemwe uja wa Savimbi, amene tsopano anali atatsogolerapo kampeni ya Trump, anavomera mu 2018 milandu yophatikizapo kugwirira ntchito chipani cha Viktor Yanukovych cha ku Ukraine osalembetsa. Trump anamukhululukira mu December 2020. Michael Flynn, yemwe anali mlangizi wa Trump pa zachitetezo, analembetsa mochedwa mu 2017 pa ntchito yokomera Turkey. Koma milandu ina ikuluikulu boma linagonja: loya Greg Craig anapezeka wosalakwa mu 2019, Tom Barrack, wabizinesi mnzake wa Trump, chimodzimodzi mu 2022 pa nkhani ya United Arab Emirates. Chovuta ndi umboni. Kutsimikiza kuti munthu anatumidwa n'kosiyana ndi kusonyeza kuti maganizo ake amafanana ndi a boma lina, ndipo otumana anzeru salemberana makalata.

Wogwa moonekera anali Senator Bob Menendez, yemwe anali wapampando wa komiti yoona za ubale ndi mayiko ena. Apolisi anapeza golide ndi ndalama zoposa madola 480,000 m'nyumba mwake. Mu July 2024 anapezeka wolakwa pa ziphuphu komanso kugwirira ntchito boma la Egypt ali pa udindo, ndipo analamulidwa kukhala kundende zaka 11. Komabe mu February 2025 mkulu wa zamalamulo watsopano, Pam Bondi, analamula kuti milandu ya FARA izizengedwa pokhapokha ikafanana ndi ukazitape. Lamulo silinasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Chinasintha ndi wogwira chingwe cha galu.

Mayiko ena a demokalase atsatira mochedwa. Australia inakhazikitsa kaundula wake mu 2018, phungu Sam Dastyari atatula pansi udindo chifukwa cha ubale wake ndi munthu wachuma wa ku China. Canada ndi France anapanga malamulo awo mu 2024. Wa ku Britain unayamba kugwira ntchito pa 1 July 2025, ndipo uli ndi magawo awiri: lina la aliyense wotumidwa ndi boma lakunja pa zandale, lina lokhwima kwambiri la Russia ndi Iran. Ku Brussels anadzidzimuka mu December 2022 apolisi atapeza mayuro pafupifupi 1.5 miliyoni m'zikwama, pa nkhani ya ziphuphu yomwe inakhudza wachiwiri kwa mtsogoleri wa nyumba ya malamulo ya European Union, Eva Kaili. Qatar ndi Morocco, omwe anatchulidwa kuti ndiwo anapereka ndalamazo, anakana.

Mapasa osafanana

Apa ndi pamene nkhaniyi imafuna kuimvetsa bwino, chifukwa pali malamulo ena ovala dzina lomwelo koma ogwira ntchito ina. Mu 2012 Russia inakhazikitsa lamulo lakuti bungwe lililonse lomwe si laboma, lolandira ndalama zakunja n'kumachita zimene boma likuti ndi ndale, lilembetse ngati nthumwi ya akunja. A ku Moscow ankati angotengera FARA. Koma pa Chirasha mawu amenewo amanunkha ukazitape kuyambira nthawi ya Soviet Union, ndipo lamulolo silifunsa ngati bungwelo latumidwa ndi aliyense; kulandira ndalama kokha n'kokwanira. Bungwe la Memorial, lomwe linkalemba mbiri ya anthu ophedwa mu ulamuliro wa Stalin, linatsekedwa ndi khoti kumapeto kwa 2021 pa chifukwa chakuti silinkaika chizindikiro cha nthumwi ya akunja pa zofalitsa zake. Mu 2022 lamulo linakulitsidwa moti ngakhale ndalama sizikufunikanso, bola boma linene kuti munthuyo akukokedwa ndi akunja.

Hungary inayesa zofanana mu 2017, khoti la European Union n'kugamula mu 2020 kuti n'zosemphana ndi malamulo. Georgia inakhazikitsa lake mu 2024 anthu miyandamiyanda akuchita zionetsero mu Tbilisi: bungwe kapena nyumba youlutsa nkhani yolandira zoposa 20 peresenti ya ndalama zake kuchokera kunja ilembetse. Kuno ku Africa, Ethiopia inali itayamba kale mu 2009 ndi lamulo loletsa bungwe lolandira zoposa 10 peresenti kuchokera kunja kugwira ntchito za ufulu wa anthu, ndipo mabungwe ambiri otere anafota mpaka lamulolo linachotsedwa mu 2019.

Kusiyana kwake kuli pa funso limene lamulo likufunsa. Lina likufunsa kuti wakutuma ndani. Linalo likufunsa kuti ndalama wazitenga kuti. Funso loyamba limagwira munthu amene akuyankhula mawu a boma lina. Lachiwiri limagwira chipatala cha mishoni, wailesi ya m'dera, gulu la amayi okumba zitsime, ndi aliyense wodzudzula boma.

Ndisanamizire kuti la ku America ndi loyera. Mu 1951 W.E.B. Du Bois, mmodzi mwa makolo a ganizo la umodzi wa anthu akuda, anazengedwa mlandu pa FARA ali ndi zaka 83, chifukwa gulu lake linkafalitsa chikalata chotsutsa mabomba a nyukiliya chomwe boma linkati n'chokomera Soviet Union. Woweruza anathetsa mlanduwo posowa umboni wakuti anatumidwa, koma boma linamulanda pasipoti kwa zaka zingapo. Anakamwalira ku Accra mu 1963. Chinamupulumutsa m'khoti ndi funso lomwe lija lakuti wakutuma ndani, lomwe boma linalephera kuliyankha. Likanakhala lamulo la mtundu winawo, sakanapulumuka.

Nanga kwathu kuno?

Malawi alibe lamulo lokakamiza olankhulira maboma akunja kulembetsa, ngakhalenso kaundula wa onyengerera boma wamba. Zilipo ndi zidutswa. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, lomwe linabala bungwe la ACB, limagwira wopereka ndi wolandira chiphuphu, koma munthu wolipidwa ndi boma lakunja kuti akakope nduna popanda kuipatsa kanthu sanaphwanye lamulolo. Lamulo la zipani la 2018 limati chipani chiulule mphatso yoyambira K1 miliyoni yochokera kwa munthu ndi K2 miliyoni yochokera ku bungwe. Lamulo la mabungwe omwe si aboma, lomwe linakonzedwanso mu 2022 n'kubala NGORA, bungwe loyang'anira mabungwewa, limafuna malipoti a chuma chaka ndi chaka. Mukaona bwino, amene amafunsidwa kwambiri za ndalama zakunja ndi mabungwewa, pamene loya, wabizinesi kapena nduna yopuma yomwe ikuyendera nkhani ya boma lina ku Capital Hill palibe fomu imene imadzaza.

Wina atha kufunsa kuti ndani angataye ndalama kunyengerera dziko losauka ngati lathu. Ayiwala kuti ku United Nations voti ya Malawi imalemera chimodzimodzi ndi ya dziko lililonse. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika linasiya Taiwan, bwenzi la zaka zoposa 40 lomwe linamanga chipatala chachikulu cha Mzuzu, n'kutsegula ubale ndi China, ndipo anthu anauzidwa mu January 2008 zonse zitatha kale. Kenako kunabwera Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, msewu wa Karonga–Chitipa ndi yunivesite ya MUST ku Thyolo. Kaya chiganizocho chinali chabwino kapena ayi, eni dziko anangomva zotsatira. Pa mkangano wa Western Sahara, Malawi anasunthira ku mbali ya Morocco. Mu March 2023 tinalandira matani 20,000 a feteleza kuchokera ku kampani ya ku Russia ya Uralchem nkhondo ya ku Ukraine ili mkati. Ndipo pansi pa nthaka pali miyala imene mayiko akuluakulu akuilimbirana: ya ku Kangankunde ku Balaka, ya ku Songwe ku Phalombe, ya ku Kasiya, ndi uranium wa ku Kayelekera. Sindikuloza chala munthu pa zonsezi. Ndikungoti otifuna alipo, ndipo wofuna chinthu amatuma munthu.

Koma mbiri yathu yomwe ikutichenjeza za mbali inayo. Mu nthawi ya chipani chimodzi, kuyankhula ndi akunja za mavuto a m'dziko kunali kuukira. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Chakufwa Chihana anamangidwa pabwalo la ndege mwezi wotsatira akuchokera kunja. Mu May chaka chomwecho mayiko otithandiza, atakumana ku Paris, anaimitsa thandizo lomwe silinali lachifundo, ndipo riferendamu inachitika pa 14 June 1993. Amalawi amene ankayenda m'maofesi a ku London ndi Washington kupempha kuti Kamuzu afinyidwe, lamulo la mtundu wa ku Russia likanawatcha nthumwi za akunja. Mu 2011 tinamvanso nyimbo yomweyo: kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, anapitikitsidwa kalata yake yachinsinsi yodzudzula Bingu itaululika, ndipo atsogoleri a mabungwe omwe anakonza zionetsero za pa 20 July ankanenedwa kuti akutumidwa ndi azungu.

Komanso m'dziko limene mankhwala a ma ARV, mabuku a kusukulu ndi mbali yaikulu ya ntchito zachitukuko zimadalira thandizo lakunja, lamulo loti aliyense wolandira ndalama zakunja alembetse ngati nthumwi lingayambire pa boma lenilenilo. Popeza boma silingadzitche lokha dzina limenelo, lamulolo lingatsale la kwa odzudzula okha.

Ndiye ngati tsiku lina bilu yotere idzafika ku Nyumba ya Malamulo, ine poiwerenga ndidzayamba ndi ndime yotanthauzira mawu. Ngati ikunena za munthu wochita zinthu molamulidwa kapena motsogoleredwa ndi boma lakunja kapena chipani chakunja, pofuna kusintha chiganizo cha boma lathu kapena maganizo a ovota, ndiye kuti yalunjika pamalo. Ngati ikunena za peresenti ya ndalama, yalunjika pa mabungwe. Ndidzayang'ananso ngati ikukhudza anthu a maudindo. Ku Australia munthu amene anakhalapo nduna ya m'kabineti amayenera kulembetsa moyo wake wonse akagwirira ntchito boma lakunja, chifukwa chimene akugulitsa ndi manambala a foni amene anawapeza ali pa ntchito ya anthu. Kwathu nkhani yofanana nayo ndi ya maulendo. Aphungu, atolankhani, mafumu ndi akuluakulu a zipani amaitanidwa kunja, tikiti ndi hotela zolipiridwa, alawansi ya madola m'manja. Ambiri mwa maulendowa ndi a maphunziro enieni. Koma phungu akabwerako n'kuima m'Nyumba kuyamikira mgwirizano wina wake, omuvotera a ku Bangwe ali ndi ufulu wodziwa amene anamugulira tikiti.

Chovuta china ndi mawu aja timawamva nthawi ya kampeni, akuti galimoto izi, nsalu izi, ndege iyi, zachokera kwa akufuna kwabwino. Wakufuna kwabwino alibe dzina, alibe dziko. Boma lakunja lofuna kubisala silitumiza cheke chokhala ndi chidindo chake. Limadutsira kwa wabizinesi wa konkuno amene ali ndi makontirakiti kumeneko, ndipo iyeyo ndiye amafika ku chipani ngati mwana wa pakhomo. Kaundula wa olankhulira akunja sangagwire munthu ameneyu ngati lamulo la zipani loulula mphatso likugona.

Ndipo pamenepa ndi pamene ndimakayikira kwambiri, chifukwa malamulo oulula zinthu tili nawo kale ndipo tikudziwa mayendedwe ake. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu December 2016, koma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Lamulo la zipani linayamba mu 2018, koma mlembi wa zipani woima payekha anasankhidwa mu 2024. Lamulo loti akuluakulu aboma aziulula chuma chawo lilipo kuyambira 2013, koma wofuna kuona zimene nduna inalemba ayenera kukapempha ku ofesi, osati kungotsegula pa foni. Kaundula wa FARA, ndi zofooka zake zonse, mphamvu yake ili pakuti mtolankhani wa ku Harare kapena wa ku Khartoum amamuwerenga osapempha chilolezo kwa munthu. Wathu akadzakhala m'kabati ya nduna, nduna yomweyo n'kumasankha woti alembetse ndi woti asiyidwe, amene adzayambe kuitanidwa kukadzaza mafomu ndi mkulu wa bungwe amene anayankhula pa wailesi dzulo lake.